Ndigule DSLR yanji poyamba kujambula zithunzi?

Wowerenga wina walemba motere:

"Akulu, ndakhala ndikujambula ndi foni kwa nthawi yaitali, tsopano ndikufuna kamera yeniyeni. Si za bizinesi ayi, ndimangokonda kujambula ana anga akamasewera, maluwa, mbalame ndi malo okongola ndikakhala paulendo. Foni imandigwiritsa mwala dzuwa likangolowa, ndipo mwana akamathamanga chithunzi chimatuluka mbuu. Ndasunga kandalama koma mutu wandiima. Wogulitsa akuti ndiyang'ane kuchuluka kwa ma megapixel, mnzanga akuti DSLR inatha fasho ndigule mirrorless, wina akuti Canon, wina akuti Nikon. Ndikuopa kutaya ndalama pa chinthu chomwe chidzangogona m'kabati. Chonde ndithandizeni."

Mtima m'malo. Pafupifupi DSLR (kamera yosintha malenzi yokhala ndi kagalasi m'kati) iliyonse ya Canon, Nikon kapena Pentax yomwe inatuluka kuyambira cha m'ma 2012 kubwera kuno imajambula bwino kuposa momwe munthu woyamba kumene angafunire. Pa thupi la kamera n'zovuta kuti mulakwitse kwambiri. Pomwe ndaona anthu ambiri akupsa, pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kujambula, ndi pa lenzi: amathira ndalama zonse m'thupi la kamera, n'kutsala opanda yogulira lenzi yomwe ikanathetsa vuto lomwe linawachititsa kugula kameralo. Mavuto awiri omwe mwatchula, mdima ndi mwana wothamanga, ndi a lenzi ndithu.

Ndiyambe ndi mawu a mnzanuyo, chifukwa sakunama kwenikweni. M'kati mwa DSLR muli kagalasi kopendekeka. Kuwala kukalowa mu lenzi kumagunda kagalasiko n'kukwera kukafika pa kazenera koikapo diso, ndiye kuti zomwe mukuona ndi zomwe lenzi ikuona, popanda sikirini pakati. Mukadina batani, kagalasi kamadumphira m'mwamba, shata, kachitseko kam'kati mwa kamera, imatseguka, kuwala kumagwera pa sensa, kachipangizo komwe kamasandutsa kuwalako kukhala chithunzi. Mirrorless inachotsa kagalasiko, ndipo m'kazenera kake muli kasikirini kakang'ono. Mu 2018 Canon ndi Nikon anayambitsa mitundu yawo yatsopano ya mirrorless, Canon RF ndi Nikon Z, ndipo nzeru zawo zonse anazisamutsira kumeneko. Ma DSLR awo atsopano omaliza anatuluka mu 2020, monga Nikon D780 ndi Canon EOS 850D. Pentax yokha ndi yomwe inakakamirabe, inatulutsa K-3 Mark III mu 2021 ndi KF mu 2022.

Kwa inu zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri. Musayembekezere kuti kudzabwera malenzi atsopano a DSLR. Komano akatswiri ambiri atasamukira ku mirrorless anagulitsa zida zawo, moti makamera ndi malenzi abwino ogwiritsidwapo kale ntchito ali mbwee, otsika mtengo. Kamera sikalamba chifukwa choti kwatuluka inzake. Yomwe inkajambula bwino mu 2018 ikujambulabe chimodzimodzi lero. Ndipo batire la DSLR limapirira: Nikon D3500 inayesedwa kuti imafika zithunzi 1,550 pa kutchaja kamodzi, pomwe ma mirrorless ang'onoang'ono ambiri amathera pa mazana ochepa. Tsiku lomwe mudzafune kusamuka, malenzi a Canon EF amagwira ntchito pa makamera a RF pogwiritsa ntchito adaputala, kachipangizo kolumikizira lenzi ndi kamera, ndipo a Nikon ambiri amatero pa makamera a Z kudzera pa adaputala ya FTZ.

Mirrorless ili ndi zake zomwe sindingazinyoze. Imatsata diso la munthu yokha ngakhale akuyendayenda, imakuonetsani kuwala kwa chithunzi musanadine, ndipo pa vidiyo imapambana. Kukanakhala kuti mwalemba kuti mukufuna kumajambula mavidiyo kwambiri, ndikanakuuzani kuti mumvere mnzanuyo. Poti nkhani ndi zithunzi ndipo ndalama ndi zochepa, DSLR ikadali njira yabwino.

Za ma megapixel, omwe ndi mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi, tisatayepo nthawi. Kuti musindikize chithunzi chooneka bwino papepala la A4 pamafunika ma megapixel osapitirira 9, ndipo makamera omwe tikukambawa ali ndi 18 kapena 24. Chomwe chimasiyanitsa kamera ndi foni ndi kukula kwa sensa. Ma DSLR a anthu oyamba amakhala ndi sensa yotchedwa APS-C, yomwe pa Nikon ndi pafupifupi mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, pa Canon 22.3 ndi 14.9. Ya foni ndi yaing'ono kangapo konse, n'chifukwa chake madzulo imasowa kuwala n'kuyamba kupaka chithunzi ngati penti. Palinso sensa yaikulu kuposa apa, ya full frame, mamilimita 36 ndi 24. Wina akakunyengererani, kanani kaye. Thupi lake ndi lodula, malenzi ake ndi odula komanso olemera, ndipo kusiyana kwake simudzakuona m'chaka chanu choyamba.

Tsopano pa lenzi, pomwe pagona nkhani. Kusankha Canon kapena Nikon kuli ngati kulowa m'banja: simutenga munthu yekhayo, abale akenso amakhala anu. Kampani iliyonse ili ndi kamwa yakeyake yomangirapo lenzi. Ya Nikon, yotchedwa F, inayamba mu 1959. Ya Canon, EF, mu 1987. Ya Pentax, K, mu 1975. Lenzi ya Nikon simungangoimanga pa Canon. Thupi mudzalisintha pakapita zaka, koma malenzi mudzakhala nawo. Ndiye ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu wapafupi amene ali ndi malenzi a mtundu wina ndipo angamakubwerekeni, chimenecho ndi chifukwa chokwanira chosankhira mtundu womwewo. Pa ubwino wa zithunzi, mkangano wa Canon ndi Nikon ndi wa anthu osowa chochita.

Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm f/3.5-5.6 (nambala ya mamilimita ikachepa lenzi imaona motambasula, ikakwera imakokera pafupi). Anthu amainyoza koma ine ndimaiikira kumbuyo: ndi yopepuka, masana imajambula bwino, ndipo ikuphunzitsani kuti mumakonda kujambula motambasula kapena mokokera pafupi. Itengeni. Kufooka kwake kuli pa manambala otsatira chilembo f. Nambala imeneyo imanena kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala m'kati mwa lenzi, ndipo imayenda mozondoka: ikachepa, kabowo kakula. Mukakokera lenzi imeneyi mpaka pa 55mm, kabowo sikangatseguke kuposa f/5.6. M'nyumba madzulo kuwala kolowa pamenepo n'kochepa, ndiye kamera imasiya shata ili yotsegula nthawi yaitali, mwina 1/30 ya sekondi. M'kanthawi kameneko mwana wasuntha kale, chithunzi mbuu, chimodzimodzi ndi foni ija.

Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi maulendo 10 kuposa f/5.6. Pamalo omwewo, pomwe lenzi yoyamba ija imafuna 1/30, iyi ijambula pa 1/320 kapena chapompo, ndipo mwana woyenda waima nji. Wothamanga kwenikweni amafuna 1/500 kupita m'tsogolo, zomwe mungazipeze pokweza pang'ono ISO, nambala yomwe mukaikweza kamera imatha kujambula ndi kuwala kochepa. Lenzi yomweyi ndi yomwe imachititsa kuti nkhope ioneke bwino kumbuyo kuli mwachimbuuzi, kaonekedwe komwe anthu ambiri amakafuna akamati akufuna kamera yeniyeni. Mwamwayi, malenzi amenewa ali m'gulu la otsika mtengo kwambiri. Ku Canon kuli EF 50mm f/1.8 STM, ku Nikon kuli AF-S DX 35mm f/1.8G. Sakokera pafupi kapena kutali, mumayenda ndinu.

Apa pali kamsampha. Poti sensa ya APS-C ndi yaing'ono, imangotenga pakati pa zomwe lenzi ikuona, ndiye lenzi iliyonse imaoneka ngati yakokera pafupi. Pa Nikon ndi Pentax mumachulukitsa nambala ya mamilimita ndi 1.5, pa Canon ndi 1.6. Choncho 50mm pa Canon imaona ngati 80mm: yabwino zedi pojambula nkhope, koma m'chipinda chaching'ono mudzagunda khoma mukubwerera m'mbuyo kuti anthu atatu akwane. N'chifukwa chake ndimaikonda 35mm ya Nikon ija, yomwe imaona ngati 52mm, pafupifupi momwe diso limaonera. Ku Canon, ya m'nyumba ilipo EF-S 24mm f/2.8 STM, yopyapyala bwino, ngakhale kuti kuwala imalowetsa kocheperako. Musanagule, imikani lenzi yanu ya 18-55 pa 24, pa 35, kenako pa 50, tsiku lathunthu pa nambala iliyonse, muone pomwe mtima ukukhazikika.

Zilembo IS pa malenzi a Canon ndi VR pa a Nikon zimatanthauza kuti lenziyo imaletsa kunjenjemera kwa manja anu. N'zothandiza, koma zimagwira dzanja lanu lokha, sizingaimitse mwana.

Za mbalame ndikuuzeni zoona: ndiyo mbali yodula kwambiri pa zonse zomwe mwatchula. Kambalame kakang'ono kali pamtengo kamafuna 300mm kapena kuposa, komanso kuleza mtima. Zisiyeni kaye mpaka mutazolowera kamera. Nthawiyo ikadzakwana, ku Canon yang'anani EF-S 55-250mm IS STM, yomwe pa 250mm imaona ngati 400mm, ku Nikon AF-P DX 70-300mm yokhala ndi VR. Werengani zilembozo mosamala, chifukwa 70-300mm ya Nikon imeneyi ilinso ina yopanda VR, ndipo Canon ili ndi 75-300mm yopanda IS yomwe ogulitsa amakonda kuiphatikiza ndi kamera kuti katundu aoneke wochuluka. Pa lenzi yaitali chotere, kunjenjemera pang'ono kumaononga chithunzi chonse.

Si lenzi iliyonse ya kampani imodzi yomwe imagwira pa thupi lililonse la kampaniyo, ndipo apa a Nikon ndiwo amasokoneza. Makamera awo a m'gulu la D3000 ndi D5000, monga D3500 ndi D5600, alibe kamota koyendetsa fokasi m'thupi, ndiye malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D amamangika koma fokasi mupanga ndi dzanja. Fufuzani olembedwa AF-S kapena AF-P. Koma AF-P nayo sigwira pa makamera akale monga D3100, D3200, D5100 ndi D7000. Ku Canon n'kosavuta: pa thupi la APS-C, EF ndi EF-S zonse zimagwira, kungoti EF-S sidzalowa pa DSLR ya full frame. Zolembedwa RF kapena EF-M si zanu, ndi za mirrorless.

Nanga thupi? Ku Nikon, D3500 ya 2018 ndi yopepuka, yosafika theka la kilogalamu, ndipo ili ndi Guide Mode yomwe imakufotokozerani pa sikirini chochita. Sikirini yake sitembenuka, ilibe polowetsa maikolofoni, komanso sensa yake sidzigwedeza yokha kuchotsa fumbi. D5600 ili ndi sikirini yotembenuka komanso yodina ndi chala, ndipo pojambula maluwa pansi kapena ana pa msinkhu wawo, imeneyo imapulumutsa mawondo. Ku Canon, EOS 250D ya 2019 ndi yomwe ndimalozera anthu ochokera ku foni, chifukwa fokasi yake pojambula moyang'ana sikirini ndi yachangu, pomwe ma DSLR ambiri amazengereza pamenepo. EOS 2000D imajambula bwino koma zam'kati mwake n'zachikale. EOS 4000D ndimaikana: anaichotsera zambiri kuti itsike mtengo, mpaka kagudumu kosinthira kazenera kuti kagwirizane ndi diso lanu kalibe. Dziwaninso kuti Canon imapatsa kamera imodzi mayina osiyana malinga ndi dera: 250D ku North America ndi Rebel SL3, 2000D ndi Rebel T7. Musaganize kuti mukuyerekeza makamera awiri.

Pali njira ina yomwe ambiri saiganizira, yogula kamera yapakati yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Nikon D7200 ya 2015 kapena Canon EOS 80D ya 2016. Zimenezi zili ndi timagudumu tiwiri tosinthira, kazenera kowala koonetsa chithunzi chonse, fokasi yotsata bwino zothamanga, ndi thupi lolimba. Koma zimalemera. Pentax K-70 kapena KF imapirira mvula ndi fumbi ikamangidwa lenzi yolembedwa WR, ndipo choletsa kunjenjemera chili m'thupi momwe, koma malenzi ake sapezeka wambawamba ngati a anzake awiri aja.

Mwati mukuopa kuti idzagona m'kabati. Zomwe zimagoneka kamera m'kabati nthawi zambiri si kuipa kwa zithunzi, koma kulemera ndi kusakhala bwino m'manja. Choncho musagule musanaigwire. Onani ngati chala chakanise chikupeza pogwira, ngati mukufikira mabatani diso lili pa kazenera, ndipo ngati mumavala magalasi, ngati mukuona ngodya zonse zinayi. Ipachikeni m'khosi muyendeyende nayo. Ikakutopetsani m'sitolo, paulendo simudzaitenga.

Mukasankha yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi khadi lanu la SD, ndipo yeserani masana. Funsani kuti shata yadinidwa kangati. Mashata a makamera a m'gulu lanuli amapangidwa kuti afike pafupifupi 100,000, ndiye yomwe ili pa 15,000 ikadali mwana, yomwe yadutsa 80,000 itsike mtengo kwambiri kapena isiyeni. Nikon imalemba nambalayi m'kati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse, pomwe ma Canon ambiri amafuna kulumikizidwa ku kompyuta ndi pulogalamu yowerengera. Ikani kabowo pa f/16, jambulani khoma loyera kapena thambo, kenako kulitsani chithunzicho. Timadontho tochepa ndi fumbi wamba ndipo limachoka, koma mzere kapena chokanda ndi vuto la sensa. Chotsani lenzi, walitsani tochi m'kati mwake: fumbi pang'ono si kanthu, koma mukaona timizere toyera tonga ulusi tikuyanga, chimenecho ndi chuku, musatenge. Jambulani zilembo za papepala kabowo katatseguka konse, muone ngati mzere womwe munalozapo ndi womwe waoneka bwino. Dinani batani lililonse, tsegulani pa batire muone ngati mulibe dzimbiri. Wogulitsa amene alibe chaja, alibe chivindikiro, sakudziwa dzina la lenzi ndipo akukufulumizitsani, mwina katunduyo si wake. Sitolo yomwe imalola kubweza pakapezeka vuto ndi yabwino ngakhale itadulirapo pang'ono.

Ndalama zanu muzigawe musanalowe m'sitolo. Ine ndimati thupi ndi lenzi ya 18-55 zisadye zonse, patsale ya lenzi ya f/1.8, khadi la SD lodalirika, batire lachiwiri, kachipangizo kopemerera fumbi ndi chikwama. Makhadi abodza alipo ambiri, ndipo khadi likafa zithunzi zapita nalo, ndiye gulani pamalo odziwika. Mitolo ija yokhala ndi mafyuluta a mitundumitundu, tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) yogwedera ndi timalenzi tomangira kutsogolo kwa lenzi ina, ilambalaleni.

Chinthu china chomwe ogulitsa sanena: zithunzi zanu zoyamba zikhoza kuoneka zoipa kuposa za foni. Musadandaule, kamera sinaonongeke. Foni ikamajambula imatenga zithunzi zingapo nthawi imodzi, n'kuziphatikiza, n'kuwalitsa mithunzi ndi kukoleza mitundu, zonsezo inu osadziwa. DSLR imakupatsani zomwe mwaiuza. Chokani pa Auto msanga, koma musalumphire ku M, komwe mumasankha zonse nokha. Ikani pa A ngati ndi Nikon, Av ngati ndi Canon kapena Pentax: inu musankha kabowo, kamera isankha liwiro la shata. Yatsani Auto ISO. Pojambula ana, sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, kaikeni pa diso, ndipo ikani fokasi yotsata, yomwe Nikon imaitcha AF-C, Canon AI Servo. Musaope ISO 1600 kapena 3200, chifukwa chithunzi chokhala ndi timchengamchenga tomwe ISO yokwera imabweretsa chimaposa chambuu. Za RAW, fayilo ya chithunzi chosakonzedwa, mudzaziyamba mukadzafuna kumakonza zithunzi pa kompyuta, pakali pano JPEG, fayilo yomwe kamera yakonza kale, ikukwanirani.

Posamala, sinthani lenzi kamera itazimitsidwa ndipo kamwa yake yaloza pansi, kutali ndi mphepo. Musaisunge m'chikwama chotseka pamalo a chinyezi kwa miyezi, ndimo mumayambira chuku. Ikani timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, ndipo muziitulutsa kawirikawiri. Kagalasi ka m'kati ndi sensa musazikhudze ndi chala kapena nsalu.

Pali mavuto omwe musalimbane nawo nokha. Fumbi likakana kuchoka ndi kupemerera, kamera ikamalemba uthenga wa vuto mobwerezabwereza ngakhale mwasintha batire ndi khadi, fokasi ikamagwera kutsogolo kapena kumbuyo kwa chomwe mwaloza pa chithunzi chilichonse, kapena ikagwa pansi lenzi n'kuyamba kulimba potembenuza, pitani nayo kwa wokonza makamera, osati wokonza mafoni. Ikagwera m'madzi, musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Chotsani batire ndi khadi pompo, muthamangire nayo kwa wokonzayo. Ndipo pakatha miyezi ingapo zithunzi zikutulukabe mbuu pomwe kamera ilibe vuto, pezani wojambula wozolowera kapena gulu la okonda kujambula, muwaonetse zithunzizo pamodzi ndi manambala ake a kabowo, shata ndi ISO. Munthu wodziwa amaona pomwe pakulakwika m'mphindi zochepa.

Potengera zomwe mwalemba, ndikanakhala inu ndikanafunafuna Nikon D5600 kapena Canon EOS 250D yosamalidwa bwino, yokhala ndi 18-55 yake, n'kugwira zonse ziwiri, n'kutenga yomwe yakhala bwino m'manja. Ndalama zikavuta, D3500 kapena D5300 sizingakuchititseni manyazi. Lenzi ya f/1.8 ndikanaigula mwezi womwewo kapena wotsatira, ndipo ya mbalame ndikanadikira nayo chaka chamawa.